Msewu umenewu umapita kumsika uti?

Loweruka lina m'mwezi wa Juni, bambo wina wachikulire amene timagwira naye ntchito ku Glasgow anandipempha kuti ndiwaperekeze kokapalasa njinga. Ndinavomera msanga, poti chichokere ku Dedza phazi langa linali lisanapondeko pedulo. Atafika pakhomo m'mawa, ndinaona njinga ziwiri zitaimikidwa pamwamba pa galimoto, zomangidwa ndi malamba ngati mbuzi zopita kumsika. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndiye ndinafunsa: ngati tikupita kokapalasa njinga, bwanji njingazo zakwera galimoto?

Anati msewu umene tikufuna uli kutali pang'ono. Ndinati msewu wake wotani, pamene mzinda wonsewu ndi misewu yokhayokha, yosalala ngati mbale? Anayankha kuti, "Wopanda phula."

Ndinakhala duu. Kwathu phula ndi chinthu chimene timapempha kwa aphungu nyengo ya kampeni iliyonse. Mudzi umene msewu wa phula wafika umayesedwa wotukuka, ndipo anthu amavina tsiku lotsegulira. Msewu wafumbi ndi umene umatha matayala, umathothola masipoko, umatsekereza amayi oyembekezera nthawi ya dzinja. Tsono anthu awa, amene phula analipeza kalekale, akulithawiranji? Funsoli ndinali nalo mumtima ulendo wonse wa pafupifupi ola limodzi kulowera kumpoto, mpaka tinafika m'kamudzi ka Aberfoyle, pamene chigwa chimathera ndipo mapiri a Trossachs amayambira.

Pamalo oimikapo magalimoto panali anthu ambiri akutsitsa njinga. Kamudziko anakapatsa dzina lina loti Gravelfoyle, chifukwa cha misewu ya miyala ing'onoing'ono imene iwo amati gravel, yomwe yazungulira nkhalango zonse za kumeneko. Pali njira zoikidwa zikwangwani ndi mivi: yaifupi ndi ya makilomita pafupifupi 10, yaitali pafupifupi 30. Bambo aja ananditsitsira njinga yanga, ndipo ndinainyamula ndi dzanja limodzi. Handulo yake ndi yopindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Matayala ndi onenepa ngati zala ziwiri, okhala ndi timano. Ndinafunsa za chubu, anati mulibe. M'tayalamo anathiramo timadzi tonga mkaka, ndipo munga ukabaya, timadzito timathamangira pabowo n'kuuma, bowo n'kutsekeka munthu ali chipalasire. Ndinakumbukira amalume anga, amene anakalamba akumata machubu pansi pa mtengo wa mango, beseni la madzi lili pambali pofuna kuona potuluka mpweya. Akanaliona tayala limeneli akanalitembenuza tsiku lonse.

Koma kumbuyo kwa chishalo kunalibe kanthu. Ndinati, "Nanga kaliyala ali kuti? Katundu mumaika pati?" Anandionetsa kachikwama kokwana m'manja, momwe munali pampu, nthochi ziwiri ndi kajekete ka mvula. Njinga yopanda kaliyala, kwa ine, inali ngati dengu lopanda pansi. Ya bambo anga inkanyamula matumba awiri a chimanga, nthawi zina mbatatesi, nthawi zina mayi ndi mwana kupita kusikelo. Iyi inapangidwa kuti inyamule munthu mmodzi basi, ndipo zina mwa njinga zimene ndinaona pamenepo mtengo wake umaposa wa galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito. Sindinamvetse, koma ndinakwera.

Titangotuluka m'mudzi tinafika pa geti lachitsulo lopingasa msewu, lotsekedwa ndi loko, pambali pake pali kampata kokwana munthu ndi njinga. Ndinafunsa ngati tapempha kwa mwini malo. Anati sitifunika kupempha. Nyumba ya malamulo ya Scotland inakhazikitsa lamulo mu 2003 lopatsa aliyense ufulu woyenda pansi, kupalasa njinga, kukwera hatchi kapena kupalasa bwato pafupifupi paliponse, kaya malowo ndi a boma kaya a munthu, bola asalowe pabwalo la nyumba ya eni, asaponde mbewu m'munda, ndipo asiye zinthu monga wazipezera. Ufulu umenewu sukhudza galimoto kapena njinga yamoto. Geti lija silitsekera anthu ayi. Limatsekera injini.

Ndinafunsanso: ndani anawononga ndalama kumanga misewu yaikulu chotere m'tchire, kuti anthu azidzasewerapo Loweruka? Anaseka pang'ono n'kunena kuti palibe anamangira njinga. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, Britain inapezeka kuti ilibe matabwa okwanira, ndipo mu 1919 boma linakhazikitsa Forestry Commission kuti idzale mitengo m'mapiri. Anadzala kwambiri mtengo wa Sitka spruce, wochokera kugombe la kumadzulo kwa North America, umene umakonda mvula. Mitengo ikakula iyenera kutuluka, ndiye anaswa miyala n'kuyala misewu yolimba yoti mathiraki a zipika azidutsamo. Nkhalango imene tinalimo inatchedwa Queen Elizabeth Forest Park mu 1953, ndipo lero ili mkati mwa paki ya Loch Lomond and the Trossachs, imene inakhazikitsidwa mu 2002. Opalasa njinga anangopeza misewu ili kale. Anandichenjezanso kuti mawu oti mulibe magalimoto si oona kotheratu: kumene akudula mitengo thiraki imadutsa ndithu, ndipo amaika zikwangwani kapena kutseka njirayo.

Apa mtima wanga unathawira kwathu. Kodi si zomwezi zili pa phiri la Zomba, ku Chikangawa, ngakhale m'phiri la Dedza lomwelo limene ndinakulira m'munsi mwake? Paini, misewu yokhotakhota ya nkhalango, nkhungu ya m'mawa. Phiri lawo lotchuka kuno, Ben Lomond, ndi lotalika mamita 974, pamene Sapitwa wathu ndi 3,002. Ngati chimene anthuwa akufuna ndi mapiri ndi msewu wopanda phula, ife tili nazo zosefukira. Nanga bwanji ine sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti msewu wafumbi ungakhale chinthu chokoma?

Yankho silinabwere ndi mawu. Linabwera m'khosi.

Tinali titapalasa mwina theka la ola m'mbali mwa nyanja ya Loch Ard, miyala ikulira tseketseke pansi pa matayala, pamene bambo aja anandifunsa kuti ndikuyang'ana chiyani kumbuyo. Sindinkadziwa kuti ndikucheuka. Komanso ndinkapalasa kumphepete kwenikweni, pafupi kugwera mu ngalande, pamene msewu wonse unali mbee, wopanda kanthu. Mapewa anali atakwera mpaka m'makutu. Thupi langa linkadikira hutala.

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinaphunzira mantha amenewo. Bambo anga ankapalasa pa M1 ndi thumba la chimanga pa kaliyala, ine ndikubwera pambuyo pa njinga yobwereka. Kumbuyo kunalira hutala ya thiraki, yaitali, yosaleka. Kutsogolo kunkabwera minibasi. Phula pamalopo linali lodyeka m'mbali, potsikira pake pakuya ngati chikhatho chonse, ndipo bambo atapatukira kumeneko wilo lakutsogolo linapotoka, anagwa, thumba linaphulika. Thiraki inadutsa ndi chimphepo chake osachepetsa liwiro. Chimene ndimakumbukira kwambiri si magazi a pachigongono chawo, koma kuti tinagwada awiri m'fumbi kutola chimanga kambewu kamodzikamodzi, tikuuzira mchenga, ndipo iwo ankangoti, "Tolani bwino, mwanawe, ndi chakudya chimenechi." Sanatukwane aliyense. Kwa iwo, kuthawa galimoto inali mbali ya kupalasa njinga, monga kupopa tayala.

M'nkhalango ya Loch Ard khosi langa linasiya kucheuka patapita ola lathunthu. Ndinayamba kumva zinthu: madzi akutsika m'timitsinje, mbalame, mpweya wanga womwe. Tinapalasa moyandikana, phewa ndi phewa, tikucheza, chinthu chimene sindinachitepo ndi munthu pamsewu waukulu. Tinakumana ndi mayi ali ndi ana awiri, wamng'onoyo wazaka ngati zisanu ndi chimodzi, akuyenda mokhotakhota pakati penipeni pa msewu, mayi wake osakuwa, osamugwira. Tsono ndinafunsa: kodi chimene mumafuna kuno ndi miyalayi, kapena kusowa kwa magalimoto? Bambo aja anaganiza kaye. Anati achinyamata amakonda miyala, chifukwa njinga imavina ndipo pamafunika luso. Koma iwo anasiya msewu waukulu atatopa ndi magalimoto owadutsa pafupi kwambiri moti akanatha kugwira galasi. Anati phula alibe nalo mlandu.

Pamenepa anandiuza chinthu chimene chandikhala m'mutu mpaka lero. Munthu amene anaphunzitsa dziko kumanga msewu ndi timiyala toswa, toyalidwa mokwera pakati kuti madzi azitsikira m'mbali, anali wa ku Scotland komweko, John Loudon McAdam, wobadwira ku Ayr mu 1756. Phula linadzathiridwa pamwamba pake pambuyo. Ndipo ena mwa anthu oyamba kulirira misewu yosalala ku Britain anali opalasa njinga; magulu awo anakhazikitsa Roads Improvement Association mu 1886, magalimoto asanadzaze m'misewu. Misewu inakonzedwa, magalimoto anabwera, ndipo zidzukulu za opempha aja ndi zimene zikubisala m'nkhalango. Walira mvula walira matope. Kodi nafenso tikamapempha phula, timakumbukira kupempha kuti pambali pake pakhale malo a wakabaza, a mwana wasukulu, a mayi wosenza nkhuni? Kapena timangozindikira maliro atayamba?

Pakati pa nkhalango tinapeza mlatho wamiyala ndi chitsulo umene pamwamba pake sipadutsa munthu kapena ngolo. Ndinati mlatho wa chiyani uwu? Wa madzi. Ndi ngalande yotenga madzi ku Loch Katrine kupita nawo ku Glasgow, mtunda woposa makilomita 40, yoboola mapiri ndi kudumpha zigwa, madzi akuyenda okha motsetsereka popanda pampu. Mfumukazi Victoria inatsegula ngalandeyi mu 1859, chaka chomwecho David Livingstone anafika kunyanja yathu. Madzi amene ndinamwera tiyi m'mawa umenewo ayenera kuti anadutsa pamenepo. Tinakhala pansi kudya nthochi zija, koma sitinakhalitse, chifukwa tizilombo tambirimbiri tochepa kuposa udzudzu tinatizinga kumaso. Mphepo ikangoleka, m'miyezi yotentha, tizilomboti sitichitira chifundo munthu woima.

Tsiku lina bambo aja anandipititsa kumpoto kwa Callander, pa njira ya njinga nambala 7, imene imatsata mzere wakale wa njanji m'mbali mwa Loch Lubnaig n'kukwera chigwa cha Glen Ogle. Ndinadabwa kuti tikukwera phiri koma miyendo siikulira. Chifukwa chake n'chakuti sitima siikwera chitunda chachikulu, ndiye omanga njanji anasema njira yokwera pang'onopang'ono m'mbali mwa phiri. Njanjiyo inatsekedwa mu 1965 miyala itagumuka n'kuikwirira, ndipo mlatho wake wautali wamiyala lero umanyamula njinga ndi oyenda pansi, magalimoto akuoneka ang'onoang'ono kutsidya kwa chigwa. Ku Aberfoyle nakonso kunkafika sitima kale, koma inasiya kunyamula anthu mu 1951. Ndiye ndinabwerera ku funso langa loyamba lija, tsopano likundipweteka: ngati malo opanda magalimoto amafikika mosavuta ndi munthu wa galimoto, nanga wopanda galimoto mtendere umenewu aupeza kuti? Mnyamata amene amapalasa usiku m'misewu ya Glasgow kuperekera anthu chakudya, bokosi lili kumsana, mvula ikumukwapula, ndani anamutsekera geti? Bambo aja anavomereza kuti funsolo ndi lolemera, ndipo sanayesere kulipeputsa.

Madzulo a tsiku loyamba lija ndinatumiza zithunzi pa WhatsApp kwa achimwene anga, amene amapalasa kabaza kwathu chiyambire unyamata wawo. Ndinawafotokozera zonse: geti, lamulo, tayala lopanda chubu, kamwana koyenda pakati pa msewu. Ndinawauza kuti kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndapalasa maola atatu osamva hutala. Anayimba foni. Anafunsa kaye za tayala lija, ngati timadzi take timagulitsidwa padera ndiponso ngati tingagwire ntchito m'tayala la njinga yonyamula katundu. Kenako anakhala chete, ndikumva phokoso la pa siteji kumbuyo kwawo, mahutala ndi oitanira minibasi.

"Ndamva, mphwanga," anatero. "Ndi msewu wabwino. Koma umapita kumsika uti? Kuli chipatala kumapeto kwake, kapena chigayo?"

Ndinayang'ana kamapu kamene ndinatenga ku Aberfoyle. Mzere wake unachoka pamalo oimikapo magalimoto, unazungulira nyanja, unakwera phiri, unadutsa pa mlatho wa madzi, n'kubwerera pomwe unayambira.

Ndinawauza momwemo. Anati, "Oho," ndipo ndinamva wina akuwaitana kuti amunyamule.