Waranti ya ndani, achimwene?

Pa Makoni kuno ku Chitungwiza, wogulitsa hadi disiki akakuuzani kuti "ili ndi waranti," mufunseni mwaulemu kuti waranti ya ndani. Kawirikawiri imakhala yake, ndipo imatha mukangokwera kombi ya ku Zengeza.

Waranti yeniyeni imachokera kwa opanga. Western Digital imapereka zaka 2 pa WD Blue ndi zaka 5 pa WD Black. Koma malonjezowa ali ndi zifukwa zambiri zothawira. Disiki yozulidwa m'kompyuta ina, waranti yake inatsala kwa amene anapanga kompyutayo. Yogulidwa ku Dubai, kampani ikhoza kukuuzani kuti mukadandaule komweko, ndalama ya ulendo ndi yanu. Mboni yosanama ndi nambala ya siriyo ili pa chomata cha pa disikiyo: mukailemba pa intaneti kwa opangawo, amakuuzani tsiku lomwe chifundo chawo chimathera. Ogulitsa ena amayamba kutsokomola mukangotulutsa foni.

Magetsi akathima tsiku lonse n'kubwera mwaukali pakati pa usiku, disiki n'kupsa, kampani imati izo si zake. Mukaigwetsa, ndi zanu. Mukaitsegula kuti muone chomwe chikulira m'katimo, mlandu watha usanayambe.

Ndipo ngakhale mutawina, amakupatsani disiki ina, nthawi zambiri yokonzedwanso, m'kati muli mbee. Iwo analonjeza chitsulo basi. Vidiyo ya chinkhoswe cha ku St Mary's, yomwe apongozi akhala akufunsa kuyambira Khirisimasi, mukafotokoze nokha.