Maso a Nkhono ndi Babu la M'chipinda Chotseka

Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sanali kunama. Nkhono ija imakwawa pakhoma la bafa m'dzinja ili ndi tinyanga tinayi: tiwiri tatifupi m'munsi tofufuzira njira, tiwiri tatitali pamwamba, ndipo maso ali kunsonga kwa tatitalito. Ukangoigunda imatibweza n'kulowa m'chigoba. Wofuna kuwaona ayenera kunjuta, manja kumsana, mpaka mwini wakeyo aiwale zoti pali munthu. Koma munthu wa lero ndi wotanganidwa. Akafuna maso a nkhono amasolola foni m'thumba, ndipo asanameze malovu ali nawo kale, akuluakulu, a nkhono ya kutsidya kwa nyanja yomwe sadzakumana nayo moyo wake wonse. Kudekha kumangofunika netiweki ikavuta, ndipo ngakhale pamenepo timadekha tikutukwana.

Pali ndagi ina yomwe inabwera ndi magetsi, ndipo imayesa mwambiwu ngati ukadali ndi mano. Ndagi! Mwati gize? Mvetserani. Mwaima pakhonde. Pakhoma pali maswichi atatu ofanana, onse ozimitsa. Kutsogolo kwanu kuli chipinda chotseka, chopanda zenera, ndipo m'katimo muli babu limodzi. Swichi imodzi ndiyo imayatsa babulo, ziwiri zinazo sizigwira ntchito ina iliyonse. Mutha kudina maswichiwo mmene mungafunire, koma m'chipindamo mulowamo kamodzi kokha, ndipo mukalowa simubwereranso kukadina. Swichi ya babulo ndi iti?

Muiphere ndagiyi pagulu la anthu a kwathu, mumve mayankho. Amalume sachedwa: "Tumani mwana akaime m'chipindamo, azikuwa likayaka." Kwa iwo vuto lililonse padziko lapansi, kuyambira mchere mpaka rimoti yomwe ili pafupi ndi phazi lawo, limatha ndi kutuma mwana. Mukawauza kuti mwana palibe amadabwa kuti nyumba yotani imeneyo. Achimwene akuti asuzumira kunsi kwa chitseko, pakuti kalipentala amene amalumikiza chitseko ndi simenti osasiya mpata wodutsa khoswe sanabadwe. Wamagetsi akuti amasula chivundikiro cha maswichi n'kulondola mawaya, kenako atchula mtengo. Mayi a nyumba sakufuna n'komwe kuyankha. Akufuna adziwe amene anagula maswichi awiri opanda ntchito, ndiponso ndalama yake inachokera m'thumba la ndani.

Onsewa sanalakwe kwenikweni, kungoti ndagi ili ndi malamulo ake. Mwana palibe, mpata palibe, sikuludiraiva palibe. Apa ndi pamene anthu ophunzira amayamba kutuluka thukuta. Amawerengera: ndikadina yoyamba n'kulowa, ndikapeza layaka ndapambana, koma ndikapeza lozima zatsala ziwiri ndipo ndingolota. Babu lili ndi mayankho awiri okha, kuyaka kapena kuzima, pomwe maswichi ndi atatu. Masamu akukana. Ena amafika pobaira ng'ombe ya pakamwa kuti angouzidwa.

Yankho ndi ili. Dinani swichi yoyamba, mupite mukatereke madzi a tiyi. Pakatha mphindi khumi muizimitse, mudine yachiwiri, mulowe msanga. Mukapeza babu likuyaka, ndi yachiwiri. Mukapeza lozima, likhudzeni ndi kuseri kwa dzanja. Ngati lili lotentha ndi yoyamba, ngati lili zii ndi yachitatu.

Mwaona pamene akale akusekerera? Chimene chinasowa si nzeru za m'kalasi ayi, koma mphindi khumi zija. Aliyense amafuna kudina n'kuthamanga. Komabe mwambiwu wangopereka theka la yankho, chifukwa nkhono imafuna udikire osaigwira, pomwe babu limafuna udikire kenako uligwire. Wotsata akale ndi mtima wonse akanaima pakati pa chipindacho, manja kumsana, n'kumaliyang'anitsitsa babu lozima mpaka m'mawa, kudikira kuti litulutse tinyanga.

Chinsinsi chagona m'kawaya kopyapyala ka m'kati mwa babu lachikale. Kawayako n'kachitsulo chotchedwa tungsten, chomwe sichisungunuka mpaka kutentha kufike madigiri 3,422. Magetsi akamadutsamo kamatentha kupitirira madigiri 2,000, n'kuchita kuyera ndi moto, ndipo kuyerako ndiko timakutcha kuwala. Koma mwa mphamvu zonse zomwe babulo limadya, zoposa magawo 90 pa 100 zimangosanduka kutentha. Kunena chilungamo, chomwe Joseph Swan ku England ndi Thomas Edison ku America anatipatsa cha m'ma 1879 ndi mbaula yomwe imawalako pang'ono. Mukazimitsa, kuwala kumatha pompo, koma galasi limasunga kutentha kwa mphindi zingapo. Babu limakumbukira kuti linayaka, ndipo lilibe luso lobisa.

Nanga bwanji anthu anzeru amagwa nayo? Katswiri wa maganizo wa ku Germany, Karl Duncker, anaonetsa kuti munthu akazolowera ntchito imodzi ya chinthu, mutu wake umakana kuona ntchito ina. M'kafukufuku wake, yemwe anatuluka m'Chingerezi mu 1945, ankapatsa anthu kandulo, machesi ndi kabokosi ka timisomali, n'kuwauza kuti akoleke kanduloyo pakhoma kuti phula lisadonthere patebulo. Ambiri sankaganiza zokhuthula kabokosiko, kukakhomera pakhoma n'kuimikamo kandulo, chifukwa kwa iwo bokosi ndi losungira basi. Mu 1967 dokotala wa ku Malta, Edward de Bono, anapatsa dzina kaganizidwe kolambalala njira yozolowereka, analemba mabuku ambirimbiri, ndipo makampani ankamulipira kuti awaphunzitse. Ndimangoganiza kuti akanafika pamsika wa kwathu, pomwe tayala lakutha limasanduka nsapato ndipo kachitini kamasanduka koloboyi, akanabwerera kwawo ndi kope lodzaza popanda kuphunzitsa munthu.

Ndipo amene angaithyole ndagiyi musanamalize kuiphera si mphunzitsi wa sayansi, koma mayi woweta nkhuku zanyama kuseri kwa nyumba. Anapiye a sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri opitirira 30, ndipo iye amawalendeketsera babu lachikale kuti asaunjikane pakona n'kupondana. Kwa iye kuwala ndi basela chabe, babu analigulira kutentha. Iye atha kukuwonjezerani swichi yachinayi. Dinani yoyamba ndi yachiwiri, dikirani, zimitsani yachiwiri, dinani yachitatu, lowani mothamanga. Loyaka lotentha ndi yoyamba, lozima lotentha ndi yachiwiri, loyaka koma lisanatenthe ndi yachitatu, lozima lozizira ndi yachinayi. Chachitatucho chimafuna miyendo, chifukwa babu lachikale silichedwa kufunda. Apa kudekha kwatha ntchito, pakufunika liwiro la mwana uja amalume amafuna kutuma.

Makampani a makompyuta ku America anakondapo kufunsa ofuna ntchito ndagi za mtundu umenewu. Mu 2013 mkulu woona zolemba anthu ntchito ku Google, Laszlo Bock, ananena poyera kuti kunali kutaya nthawi, ndipo ndagizo zinkangothandiza wofunsayo kudzimva kuti ndi wanzeru. Aliyense amene anakhalapo pamoto ndi agogo odziwa ndagi makumi asanu akanamuuza zimenezi kwaulere.

Tsopano nayi nkhani yomvetsa chisoni: ndagiyi ikukalamba. Akatswiri atatu a ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, anapanga LED yowala mwabuluu, yomwe inatsegula njira ya mababu oyera a LED, ndipo mu 2014 analandira mphotho ya Nobel. Maiko a mgwirizano wa ku Ulaya anali atayamba kale, mu 2009, kuchotsa mababu achikale m'masitolo. Lero babu la mawatsi 9 likuwala ngati lija la mawatsi 60. Thumba lapuma, koma umboni wathawa. Mukagwira kumutu kwa babu la LED patatha mphindi khumi, mupeza kafundidwe kokayikitsa, koti simudziwa ngati ndi ka babu kapena ka dzanja lanu. Kutentha kulipo ndithu, koma kunabisala kukhosi kwake, pomwe pali tizipangizo toyendetsa magetsi. Ndiye muyenera kudikira nthawi yotalikirapo, ndiponso kudziwa pogwira. Mayi wa nkhuku uja anazitulukira kalekale, pamene anapiye ake anakhala m'kuwala kokongola n'kumanjenjemera.

Komatu zamakono zikalanda ndi dzanja ili zimabweza ndi linali. M'nyumba zambiri za m'tauni muli mita ya mayunitsi, ndipo pa mita pali kagetsi kofiira komwe kamaphethira magetsi akamadyedwa. Mamita ambiri amalembedwa kuti kamaphethira ka 1,000 pa yunitsi imodzi. Zimitsani filiji, wailesi ndi chaja ya foni ya mlamu wanu yomwe imakhala pakhoma chaka chonse. Dinani swichi imodzi, mukaime pa mita. Ngati ndi ya babu la mawatsi 60, kagetsiko kaphethira kamodzi pa mphindi. Ngati ndi la mawatsi 9, kaphethira kasanu ndi kanayi pa ola, kutanthauza kamodzi pa mphindi pafupifupi zisanu ndi ziwiri. Mukayesa maswichi awiri yachitatu yadziulula yokha, ndipo m'chipinda muja simunalowemo n'komwe. Taganizani bambo wamkulu, wandevu zake, ataima pakhoma kotala la ola osaphethira kuopa kuti kagetsi kangaphethire iye ataphethira. Ngati amenewo si maso a nkhono, ndiye akale ankanena chiyani? Kusiyana kwake n'kwakuti nkhono sinkadya mayunitsi.

Chomwe amene anapeka ndagiyi sanachiganizire, chifukwa kwawo sichinali nkhani, n'chakuti pakhoma pangakhale maswichi atatu abwinobwino, babu lamoyo, koma m'mawaya mulibe kanthu. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, n'kuchotsa mamegawatsi pafupifupi 130, ndipo dziko linakhala likugawana mdima kwa miyezi yambiri. Munthu woyesa ndagiyi masana m'nyengo ngati imeneyo amatsata zonse mwandondomeko. Adina yoyamba, adikira mphindi khumi modekha ngati mkulu wa mpingo, azimitsa, adina yachiwiri, alowa. Babu lozima. Aligwira, lili zii. Atuluka chifuwa patsogolo n'kulengeza kuti ndi yachitatu. Kaganizidwe kake kalibe banga, koma mwayi woti walondola ndi umodzi mwa itatu, chimodzimodzi ndi wa mlamu uja atangoloza ndi mlomo ali pampando.

Ndipo poti swichi yachiwiri anaisiya yodina, ndipo chipinda chija n'chimene amagona, yankho lenileni litha kumupeza lokha cha m'ma 2 koloko usiku, kumaso, mayi a kunyumba akufunsa amene anasiya magetsi.