Kalata Yochokera ku Etwatwa: Kompyuta ya Alamu Ili M'njira

Okondedwa achimwene,

Mng'ono wanu ali bwino kuno ku Etwatwa, kupatula chisanu cha July chimene chikumutulutsa utsi m'kamwa akamadikira takisi ya ku Benoni m'mamawa. Dandaulo lanu linafika, lakuti kompyuta ya pa shopu ikumachedwa kuika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni mpaka makasitomala akumapita kukadya kanyenya n'kubwerako isanamalize. Nkhaniyi inatulidwa kwa alamu anu, amuna a achemwali aja, amene anthu a ku Barcelona, dera lina la mu Etwatwa momwemu, akuwatcha injiniya chifukwa chokhala ndi sikuludiraiva m'thumba la jekete ngakhale popita ku tchalitchi.

Zogula kompyuta yatsopano alamu anazikana m'maso muli gwa. Akuti n'kuwononga marandi. Anasaka pa Facebook motherboard yakale ya mtundu wa B350, ya chaka cha 2017, yomwe mwini wake ankaigulitsa pamodzi ndi purosesa yake yofooka ya Ryzen 3 1200. Kenako anagula purosesa ya Ryzen 5 5600 imene inatuluka mu 2022, n'kulengeza kuti ziwirizi azikwatitsa.

Sikuti anali atalawa chinachake. Kampani ya AMD, yopanga Ryzen, inasunga soketi imodzi, yotchedwa AM4, kuyambira 2016, ndipo mibadwo ingapo ya Ryzen imalowa pa malo omwewo. Koma kulowa n'kwina, kuyaka n'kwinanso. Pa bodi iliyonse pali kapulogalamu kotchedwa BIOS, kamene kamadzutsa makina ndi kuzindikira purosesa. BIOS ya 2017 singadziwe purosesa yomwe inali isanapangidwe. Ryzen 5000 itatuluka kumapeto kwa 2020, eni mabodi a B350, A320 ndi X370 anali kunja kwa mpanda, ndipo chimodzi mwa zifukwa zomwe zinkanenedwa chinali chakuti kachipangizo kosunga BIOS pa mabodi ambiri n'ka 16 MB basi, malo ochepa oti n'kusungamo mibadwo yonse. Anthu anadandaula kwambiri pa intaneti, mpaka mu 2022 kampaniyo inatsegula chitseko. Pofuna kupeza malo, opanga mabodi ena anachotsamo mapurosesa akalekale ndi zithunzi zokongoletsa BIOS.

Apa ndi pamene ambiri amagwa nayo. BIOS yatsopanoyo imafunika kuikidwa purosesa yakale idakali pamalo pake, pokhapokha bodi ikhale ndi batani lapadera loikira BIOS popanda purosesa. Wogulitsa yakale mofulumira amatsala ndi sikirini yakuda ndi fani yongozungulira. Chinanso, magetsi akathima BIOS ili pakati polowa, bodi ikhoza kufa osadzukanso. Anthu a kuno sanaiwale kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2023, choncho alamu anayamba awonjezera mayunitsi mu mita, analetsa achemwali kuyatsa ketulo ndi simbi, n'kuika mwana pakhomo kuti aliyense asakhudze pulagi. Kamzere ka pa sikirini kankayenda pang'onopang'ono, nyumba yonse ili zii, ndipo katafika kumapeto alamu anapukuta thukuta pamphumi m'chisanu chonsecho.

Pochotsa purosesa yakale panachitikanso zina. Phala lotuwa limene amapaka pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsa linali litauma gwa, ndiye atakoka chitsulocho, purosesa inazuka nacho limodzi. Purosesa ya AM4 ili ndi timiyendo 1,331 kunsi kwake, tochepa kuposa singano, ndipo tingapo tinapindika. Alamu anakhala pansi pa babu, tochi ya foni ili kukamwa, n'kumadutsitsa lezala pakati pa mizere ya timiyendoto kuti tiwongoke. Achemwali atafunsa ngati nsima ipakulidwe, yankho linali dzanja lokwezedwa m'mwamba.

Luso limeneli sanaliyambe lero. Iwo amati sukulu yawo inali soketi ya Intel ya LGA 775. Purosesa ya Core 2 Quad Q6600 ya 2007 inkathamanga pa 2.4 GHz, koma ukamata kachidutswa ka selotepi ya magetsi pa kadontho kamodzi kunsi kwake, mabodi ambiri ankaithamangitsa pa 3.0 GHz. Kenako anthu anatulukira kuti mapurosesa a Xeon, ochotsedwa m'makompyuta akuluakulu a m'makampani n'kumagulitsidwa motchipa, akhoza kugwira pa bodi yomweyo ngakhale anapangidwira soketi ya LGA 771. Zinkafunika kamatepi kosinthanitsa timadontho tiwiri, mpeni wakuthwa wodulira timapulasitiki tiwiri m'soketi, ndi kuwonjezera zina mu BIOS. Mu 2017 Intel inatulutsa mapurosesa a Coffee Lake n'kunena kuti sagwira pa mabodi a Z170 ndi Z270, ngakhale timiyendo ta soketi tinali 1,151 monga kale. Sipanapite nthawi yaitali, akatswiri a m'zipinda zogona anali atawayatsa pa mabodi omwewo posintha BIOS ndi kuphimba timadontho tina. Alamu amafotokoza nkhani zimenezi ngati kuti anali nawo pa msonkhano.

Ryzen yatsopano ija inayaka bwinobwino. Munthu wina akanathokoza Mulungu n'kutseka bokosi. Alamu anati ntchito yangoyamba kumene, tsopano ndi nthawi ya overclocking, kukakamiza purosesa kuthamanga kuposa liwiro limene inapatsidwa ku fakitale.

Masamu ake si ovuta. Pali liwiro loyambira la 100 MHz, ndipo purosesa imalichulukitsa ndi nambala inayake. Kuchulukitsa ndi 44 kumapereka 4.4 GHz, pomwe Ryzen 5 5600 imalekezera payokha. Bodi ya B350 imalola kukweza nambalayo, pamene ya A320 salola. Vuto ndi lakuti liwiro likakwera, purosesa imafuna magetsi amphamvu, ndipo magetsiwo amasanduka moto. Motowo suthera pa purosesa pokha. Mozungulira soketi pali tizipangizo totchedwa VRM, timene timatsitsa magetsi a 12 V kufika pa mlingo wongopitirira pang'ono 1 V umene purosesa imadya. Pa mabodi otchipa tizipangizoti n'tochepa ndipo tina tilibe n'chitsulo choziziritsa chomwe. Zili ngati kumangirira ng'ombe zamphamvu pa ngolo yakale: ng'ombe sizidandaula, amalira ndi mateyala.

Alamu analemba 47. Kompyuta inayaka, iwo anavina pang'ono, kenako anatsegula Prime95, pulogalamu imene imagwiritsa purosesa ntchito yakalavulagaga pofuna kuona ngati ipirire. Fani inayamba kulira mpaka oyandikana nawo nyumba anasuzumira pa mpanda. Posakhalitsa sikirini inachita buluu. Atawonjezera magetsi, makina anakana n'kuyaka komwe. Mankhwala ake ndi kabatire kozungulira ka CR2032 kamene kali pa bodi: kuzula pulagi, kukachotsa kwa kanthawi, n'kukabwezera, BIOS imaiwala zonse zimene inauzidwa. Kabatire kameneka katuluka ndi kulowa kambirimbiri m'nyumba muno.

Pamapeto pake anapeza liwiro limene linapirira usiku wonse, mbali ya bokosi ili yotsegula, zenera lili pululu, ana atafunda mabulangete awiriawiri. M'mawa alamu anapezeka akuothera manja pa mpweya wotuluka kumbuyo kwa bokosilo.

Amene anathetsa mpikisanowu ndi achemwali. Anangofunsa kuti kompyutayi ikupita kuti. Kuno ndi kumtunda, ndipo m'miyezi ya June ndi July udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Shopu yanu ili ku Mangochi, ya malata, yopanda siling'i, ndipo October akubwera ndi dzuwa lake ndi fumbi lake. Liwiro lopirira usiku wa ku Etwatwa silingapirire masana a kunyanja. Alamu anakanda m'mutu, anatsokomola, n'kubwezera zonse pa mlingo wa ku fakitale, akung'ung'udza kuti akazi samvetsa sayansi. Zoona zake n'zakuti phindu lalikulu linabwera ndi kusintha purosesa: mitima (ma core) isanu ndi umodzi m'malo mwa inayi, iliyonse yothamanga kuposa yakale ija. Zimene overclocking inawonjezera zinkaoneka pa manambala a pa sikirini, koma pokopera filimu panalibe wozindikira kusiyana. Ubwino wina ndi wakuti Windows 11 imaivomereza purosesa imeneyi, pamene Ryzen 3 1200 siili pa mndandanda wake, ndipo Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025.

Katunduyu waperekedwa kwa transipota wodzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete n'kulowera pa Mwanza. Wakulungidwa m'bulangete latsopano, limene ndi la amayi, osati la pa shopu. Kompyutayo ikafika muiike pa tebulo, osati pansi, musiye mpata kumbuyo kuti izipuma, ndipo muzipemerera fumbi m'mafani. Kukachita mabingu muzizula pulagi. Mnyamata wanu wa pa shopu uja mumuuze kuti batani la Delete asamalidine kompyuta ikamayaka, chifukwa ndi limene limatsegula BIOS, ndipo alamu ali kutali.

Purosesa yakale ija yatsala kuno. Alamu akuti aipezera bodi ina, ndipo achemwali abisa lezala. Mupereke moni kwa amayi ndi ana onse, ndipo transipota pobwerera asaiwale usipa ndi ufa woyera.

Wolemba ndi mng'ono wanu,
ku Etwatwa