Nyerere za m'tauni zimabwera pa kapepala

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ankachenjeza anyamata za nkhope zosalala, ndi atsikana za amuna a pakamwa pozuna. Sankadziwa kuti mwambi wawowu udzakwera basi n'kudzatsikira pa Wenela, koma unafika, ndipo masiku ano unalembedwa ntchito m'malesitilanti. Kungoti nyerere zinachangamuka. Za kumudzi umakumana nazo ukangong'amba nkhuyu, usanaike mkamwa, ndiye umauzira kapena kutaya. Za m'tauni zimakusiya udye, umwe, utokose m'mano, kenako zimabwera zokha zitafola mwadongosolo pa kapepala, m'kabuku kachikopa, zitanyamulidwa ndi weta womwetulira.

Iwe unali utawonkhetsa kale mumtima pamene unkaloza pa menyu. Koma kapepalako kali ndi masamu ake. Pali madzi a m'botolo amene unkaganiza kuti angokupatsa mwa ulemu. Pali VAT. Pali msonkho wa 1 peresenti wa zokopa alendo, ndipo ukulipira ndiwe, mwana wobadwira ku Ndirande, amene chibadwire sunakopedwepo ndi china chilichonse kupatula fungo la nyama. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mamenyu ambiri anasiya kusindikizidwa mwatsopano. Amangomata kapepala ka mtengo pamwamba pa kanzake, ndipo ukakanda ndi chikhadabo umawerenga mbiri ya chuma cha dziko lino. Pa chambo ena salembanso n'komwe. Amati mtengo ndi malinga ndi kukula kwake, ndipo wokula naye ndi weta.

Tsono wina anganene kuti nkhani yatha, timvere makolo, tizidya kunyumba. Ine ndikukana. Mwambiwu ndi woona, koma unapangidwira munthu wanjala, ndipo pa tsiku lapadera palibe amene amapita ku Ryalls kapena ku Mount Soche chifukwa cha njala. Amapita kukagula chikomekomecho, akudziwa bwino lomwe za nyerere. Mnyamata amene pa 14 February angatengere chibwenzi chake pa chiyimirire n'kumamuuza miyambi ya makolo, adzakhala atanena zoona zokhazokha, ndipo pa 15 February adzakhala ali yekha.

Muwaone awiriwa akakhala pa tebulo. Mtsikana wavala zofiira, akuwerenga menyu kuyambira kumanzere kumene kuli mayina a zakudya. Mnyamata akuwerenga kuyambira kumanja kumene kuli manambala. "Ine chilichonse," akutero mtsikana, chala chake chikutsetsereka mpaka pa mzere wa nkhanu za m'nyanja yamchere, m'dziko lopanda nyanja yamchere. "Ine ndadya kale ku ofesi," akuyankha mnyamata, "ndingomwa Fanta." Chakudya chikafika sichigwiridwa msanga. Chimajambulidwa kuchokera pamwamba, cham'mbali, kenako pamodzi ndi kandulo, mpaka chizizire, chifukwa odya enieni ali pa WhatsApp. Pomaliza kamakina ka khadi kamabwera. "Yakana, bwana." "Yesaninso, ndi netiweki imeneyo." Ikakana kachiwiri mnyamata amapempha njira ya kuchimbudzi, ndipo kumeneko mumamumva akunong'ona: "Aise, tandiponyere kaye pa Mpamba, ndikufotokozera mawa." Ubwenzi wa amuna ambiri m'tauni muno unamangidwira m'zimbudzi za m'mahotela.

Komabe tisawanyoze eni malowa. Akatswiri a zomera amati tizilombo tambiri topezeka m'nkhuyu ndi timavu ting'onoting'ono tolowera pa kabowo ka kunsonga, ndipo nditomwe timabweretsa mungu kuti mkuyu ubereke mbewu. Mkuyu ndi tizilombo take sizisiyana. Bilu nayonso ndi choncho. M'kati mwake muli dizilo wa jenereta imene ikulira kuseri pamene tauni yonse ili mu mdima, lendi ya pa Victoria Avenue, mlonda woyang'anira galimoto yanu yobwereka ija, ndi mpopi wotulutsadi madzi pafupi ndi sopo weniweni. Mukamwa khofi pakhonde la Mandala House, nyumba yomangidwa mu 1882, musadabwe kuti kapu imodzi ikuposa mtengo wa paketi ya masamba a tiyi. Zaka zonsezo wina ayenera kuzilipira, ndipo lero ndinu.

Vuto lalikulu limabwera pa 15 October, tsiku la anakubala, pamene ana a m'tauni amakumbukira kuti ali ndi amayi awo. Amawaitanitsa kuchokera ku Ntcheu kapena ku Dowa, amawagulira chitenje chatsopano, n'kuwakhazika patsogolo pa mafoloko 3 ndi mipeni 2. Amayi amayang'ana uku ndi uku kudikira wobwera ndi madzi osamba m'manja. Sabwera. M'malo mwake weta amawerama n'kufunsa kuti nyama yawo iphikidwe motani.

"Ipse, mwanangu," amatero. "Nanga pali kuphika kwinanso?"

Patsogola kambale ka masamba aawisi, ndipo amayi amakakankhira pambali mwaulemu, poganiza kuti akukhitchini abwera kudzakatenga akasonkha moto. Nsima ikafika ndi mitanda iwiri yokulungidwa m'pulasitiki, yoti kwawo amapatsa mwana wongoletsedwa kumene kuyamwa. Apa lamulo ndi limodzi: kapepala kaja asakaone. Amayi sawerenga bilu m'makwacha. Amaiwerenga m'matumba a feteleza ndi m'malata, ndipo akangoona nambala ija nkhope imagwa, chakudya chonse chimasanduka tchimo. "Ndalama imeneyi ukanangondipatsa m'manja." Mukafika kunyumba madzulo amauza mpongozi wawo kuti ateleke madzi a nsima, poti lero sitinadye. Koma dikirani abwerere kumudzi. Kumpingo, kuchitsime ndi kumaliro, kwa mwezi wathunthu, nkhani idzakhala ya chitseko chotseguka chokha ndi mnyamata wa tayi amene anawakokera mpando. Mitanda iwiri ija sidzatchulidwa. Ndiye mundiuze kuti ndalama ija inapita pachabe.

Ngati alendo anu ndi amalume, apongozi aamuna, kapena gulu lonse lochokera ku mwambo wa madigiri ku Great Hall ku Zomba, musachite masewera a menyu. Funani malo a bufe, kumene mtengo umadziwika musanakhale pansi. Ndipo ngati pagululo pali wogwira ntchito m'boma wozolowera misonkhano ya ku Mponela ndi ku Salima, mutsogozeni kuti ena aphunzire: mpunga pansi, nsima m'mbali kuti msuzi usathawe, nkhuku, ng'ombe ndi nsomba pamwamba, chivwende pansonga, zonse m'mbale imodzi, osagwetsa kanthu.

Masiku wamba mwambi umatembenuzika. Pitani pa msika wa ku Area 13 mu Lilongwe nthawi ya nkhomaliro, muone mabwana a ku Capital Hill atavula majekete, tayi ataiponya paphewa, atapanikizana pa benchi. Kumeneku nyerere zonse zili panja: utsi, ntchentche, benchi yogwedera. Chobisika palibe. Mayi wogulitsa amavundukula mapoto, inu n'kumaloza. "Ntchafu iyo. Ayi, inayo, yaikuluyo." Nkhuku ndi ya lokolo yofuna mano, pambali nkhwani wotendera, nyemba, therere kwa olifuna, ndi kambuzi wokutulutsani thukuta pamphuno. Mtanda wowonjezera mumangokweza dzanja. Mwezi ukafika pakati, mayi yemweyo amatulutsa kope lake n'kulemba dzina lanu, chinthu chimene hotela ya nyenyezi zingati sidzakuchitirani.

Kusankha malo oterewa sikufuna Facebook. Onani kumene amadya madalaivala a minibasi ndi anyamata a kabaza, anthu amene alibe nthawi yodwala m'mimba. Poto amene amatha 1 koloko isanakwane ndi wabwino kuposa amene akudikirabe kasitomala 4 koloko. Ndipo yang'anani kasambidwe ka m'manja. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inatiphunzitsa mowawa kuti madzi azithiridwa kuchokera m'jagi kapena m'ndowa ya kampopi. Beseni limodzi losambamo mzere wonse, lija lofika pa munthu wa 10 litasanduka msuzi, lisiyeni ndi eni ake. Za pachiwaya ndi kanyenya wa pa Bwandilo ndi nkhani ya usiku. Cholawa ndi chaulere, tchipisi n'chotentha, koma mafutawo musawafunse zaka.

Amene ine ndimawaopa si hotela yodula kapena benchi ya kumsika, poti onsewa sanama. Ndimaopa malo apakatikati, ongotsegulidwa kumene m'nyumba yomwe chaka chatha munkakhala banja. Dzina ndi la Chifalansa kapena Chitaliyana, magetsi amitundumitundu azungulira mtengo wa mango, sipika ikugunda moti simumvana ndi amene mwabwera naye. Menyu ndi ya masamba 12: pizza, zakudya za ku China, za ku India, za ku Mexico, ndi tsamba lomaliza la zakudya zathu. Wophika ndi mmodzi. Kumeneku nsomba iliyonse yathyathyathya ikangolowa pa geti imabatizidwa kukhala chambo, ngakhale makumba a m'dziwe amene nyanja sanaionepo.

"Chambo chilipo?"

"Chatha, bwana."

"Nanga mang'ina?"

"Amenewo timaphika Loweruka."

"Lero ndi Loweruka."

"Ndikafunse kukhitchini."

Amapita, ndipo simumuonanso kwa nthawi yokwanira kumaliza mabotolo awiri a Green. Akabwera ali ndi uthenga wabwino: nkhuku ya lokolo ilipo. Mumaitanitsa. Posakhalitsa mukuona kamnyamata kakutuluka pa geti lakumbuyo, kakukwera kabaza kulowera kumsika. Madamu akufunsa ngati simukanangopita kumene munazolowera. Ana agona pa tebulo. Kabaza uja akubwerera, kamnyamata katapanira chinachake m'khwapa, ndipo chinachakecho chikukupiza mapiko.

Weta akufika, akupukuta tebulo loyera kale, akukonza mafoloko.

"Bwana, mphindi 5 zokha. Mukuti yowotcha kapena ya msuzi?"