Ife Odya Zosapsa Tilekeni Tizidandaula

Pali gulu la anthu, ndipo dzina langa lili pamwamba pa kaundula wake, limene limasowa mtendere browser ikamagwira ntchito bwinobwino. A Google anatikonzera Chrome ya anthu onse, yoyesedwa kale, koma ife timakatenga Chrome Canary, yosinthidwa tsiku ndi tsiku. A Mozilla ali ndi Firefox yodalirika, ife maso ali pa Firefox Nightly, imene imatuluka kawiri pa tsiku. Eni ake amachenjeza poyera kuti zimenezi n'zongoyeserera ndipo zikhoza kufa nthawi ina iliyonse. Timawerenga chenjezolo, n'kugwedeza mutu ngati madoda ozindikira, n'kudina batani. M'mawa mwake tsamba la banki likangoonetsa kagudumu kozungulira pa sikirini yoyera mbee, ndife oyamba kukuwa kuti dziko latha. Timavundukula tokha mphika nyemba zisanafewe, ndipo m'mimba mukayamba kubangula timaloza chala wophika.

Komabe ine ndikuti kupusa kwathuku n'kwaphindu, ndipo umboni ulipo. Browser iliyonse ikafika pa webusaiti imadzitchula dzina ndi nambala yake, ndipo mu 2022 Chrome ndi Firefox zinali zikufika pa 100. Tsoka lake, mawebusaiti ena analembedwa ndi anthu amene sanalotepo kuti nambalayo idzatalika chonchi, moti ankangowerenga ziwerengero ziwiri zoyamba. Kwa iwo 100 anali 10, nkhalamba yoyenera kubwezedwa pakhomo. Vutoli silinali lachilendo. Mu 2009 Opera itafika pa 10, mawebusaiti ena ankaiyesa 1, mpaka eni ake anaiphunzitsa kubisa zaka n'kumadzitchula 9.80. Ulendo uno a Google ndi a Mozilla anaikiratu kabatani koti browser izidzitchula 100 nthawi isanakwane, n'kupempha oyesera kuti azinena masamba amene akukana kutseguka. Anthu amtundu wathu ndi amene anathyoka miyendo m'maenjemo, ndipo tsikulo litafika ambiri a inu simunamve n'komwe kuti panali nkhani.

Wina anena kuti makampaniwa ali ndi akatswiri olipidwa ndi makina oyesera okha, ndiye akufuniranji mphawi ngati ine? N'zoona ali nazo. Chimene alibe ndi laputopu yakaunjika yotentha pamiyendo, netiweki yobwera ikafuna, ndi webusaiti ya ku ofesi yomangidwa m'masiku a Internet Explorer. A Microsoft anaika m'manda browser imeneyi pa 15 June 2022, koma mzimu wake anausiya mkati mwa Edge chifukwa maofesi ambiri sangagwire ntchito popanda iwo. Zophonya zimabisala m'makina otopa ngati athuwa, ndipo katswiri wokhala pa kompyuta yatsopano ku California sangazipeze.

Funso la bandulo ndi limene limandipinda. Update ya tsiku lililonse imameza data, kutanthauza kuti tikugwira ganyu yaulere kwa imodzi mwa makampani olemera kwambiri padziko, ndipo za mayendedwe tikudzilipirira tokha. Izi sindikana. Koma taonani mmene msika ulili: Edge kuyambira 2020, Opera, Brave ndi Samsung Internet zonse zimayendera injini ya Chromium, yomweyo ya Chrome. Wopanga webusaiti akayesa mu Chrome n'kuona kuti zatheka amapita kukagona, ndipo wa Firefox, imene ili ndi injini yakeyake ya Gecko, amangouzidwa kuti asinthe browser. Pakapanda wina wodandaula msanga, palibe akonze, ndipo mawa tonse tidzalowera khomo limodzi.

Pamene gulu lathu limachita manyazi ndi apa: ambiri timadandaulira anthu olakwika. Timakalipira mbewa ya kompyuta, timatopetsa apabanja pa nthawi ya nsima, timadzaza gulu la WhatsApp, pomwe Firefox ili ndi batani lonenera tsamba lowonongeka ndipo sitilikhudza. Choncho anzanga odya zosapsa, dandaulo lizipita kwa eni ake. Ndipo popeza Canary imalola kukhala m'kompyuta imodzi ndi Chrome wamba, fizi ya ana muzilipirira mu Chrome wambayo.