Fisi wa ku Neno sayankha sipika

Munthu akachokera ku Joni sabwera ndi bulangete ndi njinga zokha ayi, amabweranso ndi nzeru. Mlamu wanga wa ku Lisungwi anatsika basi pa Zalewa ali ndi yake. Akuti za afisi kutha mbuzi m'makola zatha basi, poti waona pa YouTube mmene azungu a ku Texas amaphera coyote, kachilombo konga nkhandwe. Mlenje wakumeneko sapondaponda tchire. Amangokhala tsonga patsinde pa mtengo, chapatali n'kuikapo kabokosi kolira ngati kalulu wokodwa mumsampha, chilombo n'kubwera chokha kudzatola ndiwo zaulere.

Agogo ena omwe ankamvetsera uku akupichira fodya anafunsa: "Nanga kaluluyo m'bokosimo amadya chiyani?"

*

Mlamu sanafooke. "Agogo, nkhani ili pa galasi. Pamwamba pa mfuti amamangapo kachubu ka magalasi, amati sikopu. Yoyambira ndi yolembedwa 3-9x40. Iyo 40 ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita, likakula limalowetsa kuwala kwambiri, ndiye mumaonabe ngakhale kuli chisisira. Kuchokera pa 3 kufika pa 9 ndiko kukoka kwake. Mukapotokola mpaka pa 9, fisi ali kutsidya kwa dambo mumamuona ngati ali pakhonde panu."

Agogo anachotsa fodya kukamwa. "Mwanawe, ine moyo wanga wonse ndapempha Chauta kuti fisi akhale kutali ndi nyumba yanga. Iwe ukataye ndalama za ku Joni kugula galasi lomubweretsa pakhonde?"

Tinaseka, komatu agogowo sanaphonye kwenikweni. Alenje odziwa amasiya sikopu pa 3, chifukwa nyama yoitanidwa imatulukira pafupi mwadzidzidzi, ndipo amene wapotokola mpaka pa 9 amangoona ubweya mbuu osadziwa kuti mutu uli mbali iti.

*

Kenaka inafika nkhani ya mfuti yeniyeniyo. Mlamu anali ataloweza mayina: .223 Remington, .22-250, zipolopolo zing'onozing'ono zothamanga kwambiri. Mphunzitsi wina anamukumbutsa kuti coyote kawirikawiri safika makilogalamu 20, pamene fisi wathuyu amadutsa 60, ndipo nsagwada zake zimaphwanya fupa la ng'ombe. Anawonjezanso kuti pakati pa afisi wamkulu thupi ndi wamkazi, ndiyenso amalamulira khamu lonse, wamphongo amadya zotsala.

Mayi wina wogulitsa manachesi, osadzutsa n'komwe mutu pa mulu wake, anangoti: "Ndiye kuti nawonso ndi a chikamwini."

Amuna atatu anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito kudimba.

*

Maloto a mfuti anathera pa mapepala. Mfuti kuno sigulidwa ngati khasu, imafuna chiphaso cha apolisi. Ndipo kungoti uli ndi mfuti sindiye kuti nyama iliyonse ya m'tchire ndi yako. Lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, moti pa milandu ina munthu atha kukhala kundende zaka 30. Chilombo chikavuta pamudzi, oyenera kuitanidwa ndi a gemu.

Mlamu anawerengera pa zala. "Zaka 30 chifukwa cha mbuzi ziwiri? Ku Joni ndinangokhala zaka zisanu, koma ndinapeza mkazi wanga akunditchula kuti alendo."

*

Malume anga amati za sikopu anayamba ndi iwo, kalekale Neno isanapatuke ku Mwanza mu 2003. Anali ndi gogodela, mfuti yosula kumudzi ija yothira onga kukamwa n'kusindira ndi tizitsulo. Tsiku lina anatola theka la magalasi oonera patali, n'kulimanga pamwamba pa mfutiyo ndi mphira wa chubu cha njinga. Chomwe panalibe wowauza n'chakuti sikopu yeniyeni imapangidwa kuti diso likhale patali ndi galasi, ngati zala zinayi, poti mfuti ikalira imabwerera m'mbuyo. Iwo anakanikiza diso pagalasi penipeni.

Phuu! Utsi tolo. Fisi anapita kwawo ali bwinobwino. Malume anabwera kunyumba diso lili ndi chizungulire chakuda bii, chozungulira bwino ngati anachita kujambula ndi kapu.

M'mawa mwake ankhoswe anafika osaitanidwa. Mpaka lero azakhali amati palibe mlandu womwe anavutika kuukana ngati umenewo, chifukwa malume anaona kuti kuli bwino anthu aziti anamenyedwa ndi mkazi kusiyana n'kuti anadziwombera okha ndi matako a mfuti.

*

Mfuti palibe, koma sipika ilipo. Mlamu anaganiza zoti angomuitana fisiyo, anyamata amudikire ndi zibonga ndi agalu. Masana anakoka mwana wa mbuzi khutu, n'kujambula kulira kwake pa foni. Usiku anakapachika sipika ya Bluetooth pa mtengo kuseri kwa makola, voliyumu mpaka kumapeto.

Mee! Mee! Mee!

Woyamba kufika anali mwini khola loyandikana, atavala chitenje cha akazi ake, nkhwangwa ili m'manja. Kenaka mudzi wonse, matochi ngwee, mfuu ili "Wakuba! Wakuba!" Anyamata a zibonga aja, poona kuti zavuta, analowa m'gulu nawonso n'kumakuwa nawo.

Mlamu pofuna kuzimitsa anadina polakwika. Foni inadumphira pa uthenga wamawu wa pa WhatsApp, ndipo mudzi wonse, mpaka a nyakwawa, unamva mlongo wanga akufunsa momveka bwino komwe kunapita ndalama za feteleza.

Fisi usiku umenewo anagwira mbuzi kumapeto ena a mudzi, komwe kunalibe munthu ndi mmodzi yemwe.

*

Osati kuti nzeruyo ndi yabodza. Akatswiri owerenga zilombo m'nkhalango amachitadi zimenezi: amaliza pa zimasipika kulira kwa mwana wa njati kapena phokoso la afisi olimbirana nyama, n'kumawerenga zomwe zabwera. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amakhala pamwamba pa galimoto. Ndipo sipika sisankha woyankha. Mtsinje wa Mkulumadzi ukatsika kuno umakalowa ku Majete, komwe mikango inabwezeretsedwa mu 2012. Kuli mpanda, inde, koma mlamu atamva zimenezi anafunsa ngati mkango umamva kuchokera pa mtunda wautali bwanji, n'kutsitsa mawu ake omwe.

*

Ena mukudikira nthabwala ija ya fisi wovala mikanda, yemwe akawomberedwa mwendo m'mawa mwake nkhalamba ina imadzuka ikutsimphina. Imeneyo pano sindinena. Mu January 2016 kuno ku Neno anthu anapha nkhalamba zinayi poziganizira ufiti mphenzi itapha mtsikana. Kuyambira pamenepo nthabwala imeneyo inandiwawira m'kamwa.

*

Mlamu anamanga khola lam'mwamba, la mitengo yolimba, chitseko cha malata. Sipika anayamba kubwereketsa m'maukwati, ndipo ikumubweretsera ndalama kuposa Joni.

Pa ukwati wina ku Ligowe, pelekanipelekani ali mkati, woimbitsa nyimbo anadina polakwika, sipika n'kuyamba: Mee! Mee! Mee! Anthu a kuchimuna, omwe anali atadandaula kale kuti nyama inawachepera, anasiya kuvina n'kuthamangira kukhitchini ndi mbale m'manja.