Liwiro la Mumchenga, Rimoti Ili M'manja

Akuluakulu adati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Amene adayamba kunena mawuwa ayenera kuti adathamangitsidwapo ndi galu m'mphepete mwa mtsinje, chifukwa adadziwa kuti mumchenga phazi limamira, ndipo mnzako akangokutsogolera mapazi atatu, udzangomuona msana mpaka kukafika. Ine kuyambira ubwana mwambiwu ndinkaumva ngati wa alimi: mvula yoyamba ikagwa, bzala tsiku lomwe anzako akubzala, apo ayi udzakolola manyazi. Sindinkadziwa kuti tsiku lina udzandithandiza kumvetsa katoni imene alamu anga adabwera nayo kuchokera ku Joni.

Kale agogo athu akamabwera ku Wenela kapena ku Theba ankatsitsa njinga, wailesi, mabulangete ndi jekete lolemera ngati thumba la chimanga. Choncho alamu atafika pa Mitundu atakumbatira katoni ngati mwana wakhanda, osalola ngakhale wakabaza kuti ayimange kumbuyo, tonse tidati muli chinthu chanzeru. Achemwali anga ankayembekeza makina osokera. Apongozi awo a alamu, amene ndi mayi anga, ankaganiza za sola. Katoni itatsekulidwa, tidapeza kagalimoto kotalika ngati mkono, kofiira, konyezimira, kamatayala aakulu kumbuyo ndi ang'onoang'ono kutsogolo.

"Mwawagulira ana?" adafunsa achemwali.

"Ana asakhudze," adayankha alamu.

Tiyeni tiwachitire chilungamo, chifukwa si choseweretsa cha pa golosale chimene chimafa tsiku la Khirisimasi lomwelo. Ku America kuli mpikisano umene amautcha drag racing: magalimoto awiri amaima pamzere umodzi, n'kuthamanga mowongoka mtunda wa kota ya mailosi, mamita 402, basi. Palibe kukhota, palibe kuzungulira. Bungwe lalikulu loyendetsa masewerowa, NHRA, lidayamba mu 1951. Kenaka anthu ena, mwina atawerenga bwino za m'thumba mwawo, adachepetsa zonse kakhumi: galimoto kakhumi, msewu kakhumi. Tigalimoto ta rimoti timapikisana pa mamita 40, ndipo tabwino kwambiri timamaliza mtundawo m'masekondi awiri kapena atatu. Ambiri amathamangitsira pamalo oimika magalimoto pa masitolo akuluakulu, pakakhala popanda anthu. Makampani monga Traxxas ndi Team Associated amapanga tigalimoto ta ntchito imeneyi yokha.

Chimene chidandigwira mtima ndi chiyambi chake. Pamzerepo pamakhala mtengo wa magetsi. Achikasu amayaka kaye, kenaka obiriwira. Ukanyamuka obiriwira asanayake, amayaka ofiira, ndipo waluza, ngakhale ukafike woyamba. Ndidati eee, azungu adatenga mwambi wathu n'kuulumikiza ku magetsi. Kuyambira limodzi kwenikweni, kopanda "ine ndinali ndisanakonzeke". Adangoiwala mawu amodzi okha a mwambiwo: mchenga.

Vuto lidayambira pomwepo. Kagalimoto ka alamu kadapangidwira malo osalala ngati tebulo. Mimba yake ili pafupi ndi nthaka moti ngakhale chitsononkho n'phiri. Matayala akumbuyo ndi ofewa, opanda mano, kuti azimata pa phula. Kumchira kuli timatayala tina tothandiza kuti kasagadabuke kakanyamuka mwaukali. Ndiye pa Mitundu malo otero uwapeza kuti? Kwathu poimika magalimoto ndi pansi pa mtengo wa mango, ndipo pamakhala kale ngolo, abulu awiri, ndi bambo wogulitsa mizimbe. Msewu wa phula wopita ku Bunda ndi ku tauni ulipo, koma ndi wa aliyense: akabaza, maminibasi, njinga zonyamula matumba a makala otalika kuposa mwini njinga, ndi mbuzi zimene sizidaphunzire malamulo a pamsewu.

Alamu adati tipite pa Nathenje, poti kumeneko kumadutsa M1. Tidapita, katoni ili pamiyendo. Pamalo ena omwetsera mafuta panali simenti yosalala bwino, maso a alamu mpaka adawala. Asanatsitse n'komwe, mnyamata wa pamenepo adafunsa mwaulemu ngati galimotoyo imwa petulo kapena dizilo. Atamva kuti imayendera batire, adatiuza, mwaulemu womwewo, kuti tikaimike kwina. Kenaka alamu adayang'ana M1 yeniyeniyo, yakuda, yowongoka, ndipo ndidaona kuti mtima ukuwanyenga. Nthawi yomweyo idadutsa thiraki yolowera ku Dedza, mphepo yake n'kuwavula chipewa. Adatola chipewacho, n'kunena kuti phula la kuno silili bwino kwenikweni.

Tidabwerera ku Mitundu, n'kukathera pa bwalo la mpira la m'mudzi, pamene chilimwe chimasiya fumbi ndi mchenga wofika m'kakolo pafupi ndi magolo. Mbiri idali itafika kale. Ana adadzaza ngati kwabwera kanema. Agogo ena aakazi adaima patali atamva kuti kagalimotoko kamayenda kopanda munthu wokakankha, ndipo adati zinthu zotere kale zinkayenda usiku. Ndidayesa kuwafotokozera kuti rimoti imalankhula ndi galimoto kudzera m'mafunde a wailesi, a 2.4 GHz, ofanana ndi a Bluetooth ya pa foni. Adandiyang'ana n'kunena kuti nawonso a usikuwo ali ndi mafotokozedwe awo.

Wopikisana naye adapezeka yekha: mphwanga wa zaka khumi, mwana wa alamu omwewo, ndi galimoto yake ya mawaya. Apa ndilekeni ndichedwepo, pakuti ine ndidakulira pa ntchito imeneyi. Galimoto ya mawaya siigulidwa, imasakidwa. Waya wolimba wa chimango umachokera ku mpanda umene mwini wake sakuyang'ana. Waya wofewa womangira umachokera ku mota yakupsa. Matayala ndi zitini za polishi, zitsekerero za mabotolo, kapena patapata wakutha wodulidwa mozungulira, wokulungidwa ndi malegeni. Chiwongolero ndi waya wautali kapena bango lofika m'chiuno, ndipo ukachipotoza matayala akutsogolo amamvera. Injini ndi pakamwa pa mwini wake, magiya onse asanu pamodzi ndi hutala. Luso limeneli lidafika mpaka m'mabuku a kunja: mu 1990 Karen Lynn Williams adatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa kuno ku Malawi amene akusakasaka mawaya. Ana a ku America amawerenga m'kalasi zimene ife tinkakwapulidwira.

Mzere tidaulemba ndi phulusa. Magetsi achikasu ndi obiriwira panalibe, ndiye amalume adavomera kugwetsa chipewa. Chipewa chitagwa, kagalimoto ka ku Joni kadalira ngati mavu chikwi, matayala akumbuyo n'kuzungulira mwaukali woti sindidauonepo. Fumbi lidakwera. Litatsika, tidapeza kali pomwepo, katadzikumbira dzenje ngati nkhuku yosamba m'dothi, mphuno ili m'mwamba. Mphwanga anali atafika kale kugolo linalo, akubwerera chafutambuyo, pakamwa pakulira "piii, piii, piii" monga zimachitira lole.

"Sitinayambire limodzi," adatero alamu.

"Alamu, mwayambira limodzi," adayankha amalume. "Kungoti mwanayu wapita kutsogolo, inu mwapita pansi."

Ulendo wachiwiri tidasamukira pakati pa bwalo, pamene nthaka ndi youma gwa. Apa ndiye tidaona chimene ndalama zidagula. Ndisanaphethire, kanthu kofiira kadadutsa mphwanga, kadadutsa golo, kadadutsa malire a bwalo. Alamu adapotoza rimoti, thupi lonse n'kupotoka nawo, koma galimoto yopangidwira kuwongoka siidziwa zokambirana. Idabalalitsa nkhuku, idalumpha mzere wa mbatata, n'kukalowa pansi pa nkhokwe ya eni ake. Amene adakwawa kukaitulutsa ndi mphwanga yemweyo, poti alamu mimba ya ku Joni sidalole. Ulendo wachitatu, woti tidziwe katswiri, sudachitike. Batire idatha, ndipo kumsika kumene amatchaja mafoni magetsi anali atathima kuyambira m'mawa.

Pobwerera kunyumba ndinkaganiza kuti mwambiwu uli ndi kachinyengo. Umati tiyambire limodzi, koma sunena kuti aliyense abwere ndi chiyani. Pa siteji ya Nathenje maminibasi awiri amanyamukira limodzi kulimbirana munthu mmodzi woima ndi thumba la mtedza, ndipo amene amamutenga ndi wakabaza amene anali chikhalire pamthunzi. Mayeso a Sitandade 8 amayamba ola limodzi dziko lonse, kwa mwana wowerengera pa tabuleti ku Area 47 ndi kwa mwana wowerengera tochi ya foni kuseri kwa phiri la Bunda. Chipewa chimagwa nthawi imodzi, inde. Koma nthawi zambiri bwalo limakhala la phula, ndipo wa mawaya amangoona fumbi. N'chifukwa chake ndidasangalala mopitirira muyeso tsiku lija, ndikuvomera. Kamodzikamodzi mchenga umakhala kumbali yathu.

Alamu adabwerera ku Joni mwezi wotsatira. Kagalimoto adakasiya, ati adzabwera ndi batire ina ndi matayala a mano. Adalamula kuti kakhale pamwamba pa kabati, kokutidwa ndi nsalu. Sabata yatha ndidakumana nako panjira ya kuchigayo. Mphwanga adachotsa mota kuti kapepuke, adaboola denga, adalowetsa bango, n'kulumikiza waya ku matayala akutsogolo. Tsopano kamakhota bwinobwino. Pamwamba adamangapo kabokosi, ndipo kadanyamula tomato atatu ndi paketi ya mchere ya amayi ake. Rimoti ili ndi mlongo wake wamng'ono, amene amaiika kukhutu n'kumalankhula ndi bambo ake ku Joni, kuwauza kuti galimoto ili bwino, palibe amene wakhudza.